Funsani Alangizi: Madzi akasefukira kapena ng'amba ikagwa, thandizo limayenda bwanji?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Mangochi. Sizodabwitsa. M'zaka zochepa zapitazi boma limeneli lamenyedwa mbali zonse: namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ng'amba ya El Niño m'dzinja la 2023/2024, kenaka nyanja yomwe inakwera mu 2024 n'kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo. Akuyankha ndi alangizi a zaulimi, a zaumoyo ndi ogwira ntchito yothandiza anthu pa ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mayina a olemba makalata tawabisa.

Mvula ya usiku inagwetsa khoma la nyumba yanga, ufa ndi zofunda zonse zinanyowa. Ine ndi ana tinathawira kwa achemwali anga kumtunda. Tsopano ndamva kuti anthu analembedwa ndipo ena alandira kale, koma dzina langa mulibe. Bambo a kunyumba ali ku Joni. Ndilowere kuti?
*Mayi wa ana anayi, dera la Mponda*

Pepani kwambiri, mayi. Olemba mayina amayambira pamene anthu asonkhana, kusukulu, kumzikiti kapena kutchalitchi. Amene wasungidwa ndi abale amaoneka ngati sanakhudzidwe, ndipo ambiri amatsalira motero. Koma mwayi sunatseke.

Thandizo limatsata kalembera, ndipo kalembera ali ndi njira yake. Pa gulupu aliyense pali komiti yoona za ngozi, yomwe ambiri anaizolowera kuti VCPC, ngakhale madera ena tsopano akuitchula kuti VDRMC. Komitiyi imalemba zomwe zaonongeka n'kupereka ku komiti ya kwa mfumu yaikulu. Kumeneko lipoti limapita kukhonsolo, akukhonsolo amabwera kudzatsimikiza, kenaka amatumiza ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Mabungwe othandiza amatenga mayina kukhonsolo komweko. Dzina lomwe silinalowe pa gulupu silingatulukire lokha ku Lilongwe.

Choncho pitani kwa wapampando wa komiti mawa lomwe, mutenge mnansi mmodzi wochitira umboni. Apempheni akaone nyumbayo musanachotse zibuma. Ngati pali wa foni yojambula, ajambule khoma logwalo ndi mzere umene madzi anasiya. Auzeni chiwerengero cha anthu a pakhomo panu, ana osakwana zaka 5, ngati pali woyembekezera, wokalamba, wolumala kapena wodwala matenda a mgonagona, chakudya chomwe chinaonongeka, maekala a munda ndi ziweto. Musachoke musanaone dzina litalembedwa, ndipo sungani tsiku lake. Pakatha sabata muli zii, kafunseni kukomiti ya kwa mfumu yaikulu, zikakanika kukhonsolo.

Pali zinthu zitatu zomwe zimagwetsa anthu pa tsiku lolandira. Choyamba n'kulembetsa dzina la mwamuna yemwe ali kunja: poitana mayina amafuna mwini chitupa, iye kulibe. Lembetsani dzina lanu, mayi, popeza mukusunga banjalo ndinu. Chachiwiri ndi dzina losiyana ndi la pachitupa cha unzika. Onetsetsani kuti akopera chilembo ndi chilembo, pamodzi ndi nambala. Chachitatu chimakhudza mabanja a mitala. Banja powerenga ndi anthu odyera mphika umodzi, ndiye mayi aliyense wophika payekha alembedwe payekha.

Ngati chitupa chinapita ndi madzi, uzani komiti nthawi yomweyo, tengani kalata ya amfumu, kanenani kupolisi, kenaka mupite ku ofesi ya NRB, yomwe imapereka zitupa za unzika. Ndipo amene amamwa ma ARV, mankhwala a TB, a shuga kapena a khunyu asadikire kuti kabuku kapezeke; apite kuchipatala chapafupi akafotokoze.

Tisakunamizeni: kulembedwa si kulandira. Katundu amabwera wochepa kuposa anthu, ndipo amayambira amene nyumba zawo zagweratu.

Titalandira chimanga, anyamata a amfumu anayenda khomo ndi khomo kutapa chidebe pa thumba lililonse, ati n'cha amene sanalembedwe. Tinasonkhetsedwanso ndalama ya mayendedwe. Kodi ndi lamulo?
*Agogo, Namwera*

Ayi agogo, si lamulo. Thandizo la pangozi ndi laulere. Palibe ndalama yolembetsera, ya mayendedwe kapena yothokozera, ndipo palibe mfumu, wa komiti kapena wa ndale amene ali ndi gawo pa thumba lanu.

Tikudziwa kuti kumudzi n'kovuta kudya mnzako wa pafupi akugona ndi njala. Mukapatsa mnansi mbale ya ufa mwa kufuna kwanu, umenewo ndi umunthu ndipo palibe angakuletseni. Kutapa mokakamiza ndi nkhani ina. Nthawi zambiri chotapidwacho sichifika n'komwe kwa osalembedwawo, ndipo wokalamba ngati inu, amene simungapite kuganyu, ndi amene amayamba kugona ndi njala. Ngati m'mudzi muli ovutika omwe anatsala, njira yake ndi kukawalembetsa, osati kuchepetsa cha amene alandira.

Pamalo ogawira pamayenera kukhala tebulo la madandaulo kapena bokosi loponyamo kalata, ndipo mabungwe ambiri amalemba nambala yaulere pachinsalu chawo. Dandaulo likhale ndi tsiku, malo, zomwe zinatengedwa ndi amene anatenga. Mukapita anthu asanu kapena khumi limodzi, nkhani imalemera ndipo munthu mmodzi salozedwa chala. Zikakanika, kuli khonsolo, polisi ndi bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB.

Polandira, werengani ndalama musanadinde chala, onani ngati thumba ndi losokedwa bwino, ndipo chitupa, simu khadi kapena nambala yachinsinsi ya foni musasungitse munthu.

Pali chinthu china chomwe agogo simunafunse koma tiyenera kuchinena. Munthu wouza mayi kapena mtsikana kuti agone naye kuti alembedwe akupalamula mlandu waukulu, kaya ndi wa bungwe, wa boma kapena wa m'mudzi. Imbani 5600, kapena 116 ngati ndi mwana, kapena pitani kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ya Victim Support Unit. Wogwiriridwa afike kuchipatala maola 72 asanathe kuti alandire mankhwala oteteza ku HIV.

Kwathu madzi sanasefukire, koma chimanga chinapserera chisanamasule. Bwanji anzathu a madzi amathandizidwa msanga, ife n'kudikira miyezi? Komanso thumba limodzi pa banja la anthu asanu likwana bwanji?
*Bambo wa ku Chilipa*

Bambo, ndi mathandizo awiri osiyana. Madzi amalanda munthu zonse usiku umodzi, ndiye chakudya, malona ndi mabulangete zimafunika sabata yomweyo. Njala ya ng'amba imabwera pang'onopang'ono, ndipo imawerengedwa anthu akakolola. Komiti ya MVAC, younika za njala m'dziko muno, imayendera maboma, kuona zokolola, mitengo ya pamsika ndi momwe mabanja akudyera, kenaka imanena kuti boma lakuti lili ndi anthu angati ofunika thandizo, kwa miyezi ingati. Kugawa kumachitika pakati pa Okutobala ndi Malichi, nkhokwe zitauma. Mwachitsanzo, pa 23 Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko panthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa pangozi chifukwa cha El Niño, ndipo MVAC inapeza kuti anthu pafupifupi 5.7 miliyoni adzafunika chakudya. Kuchokera pa kulengeza kufika pa thumba loyamba panadutsa miyezi. Ife tikuona kuti nthawi imeneyi ndi yaitali kwa banja lomwe silinakolole kalikonse, koma ndi bwino muidziwe kuti mukonzekere.

Za thumba, tiwerengere limodzi. Munthu mmodzi amafuna ufa wokwana magalamu pafupifupi 400 patsiku. Anthu asanu ndiye makilogalamu 2, kutanthauza kuti thumba la makilogalamu 50 likhala masiku 25 ngati palibe chotayika. Mukakonola n'kuviika kuti mupeze ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ndi madeya ndi madzi, ndipo masiku aja amatsika kufika pa 16 kapena 17. Gayitsani mgaiwa. Umakhalitsa m'mimba, uli ndi zofunika m'thupi zambiri, ndipo kuchigayo mumalipira kamodzi. Ingogayitsani wa sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa mgaiwa suchedwa kuwawa kukatentha.

Mukalandira ndalama m'malo mwa chimanga, gulani chakudya masiku oyambirira omwewo, koma osati kwa mavenda oima pakhomo pa malo olandirira, omwe amakweza mtengo tsiku limenelo. Siyaniko pang'ono ya nyemba, usipa, mchere ndi chigayo. Katapila ndiye amamaliza mabanja ambiri: munthu amakongola podalira thandizo la mwezi wamawa, likabwera lonse n'kupita kwa mwini ngongole. Ngati muli ndi mbuzi zoti mugulitse, gulitsani imodzi msanga zisanaonde, chifukwa pofika Januwale aliyense amakhala akugulitsa ndipo chimanga chimakhala chitakwera.

Ana aang'ono muziwayang'anitsitsa. Alangizi a zaumoyo ali ndi kalamba koyezera mkono wa mwana wa miyezi 6 mpaka zaka 5. Kakaonetsa chikasu, mwana wayamba kunyentchera. Kakafika pofiira, kutanthauza kuti mkono sukukwana masentimita 11.5, kapena mapazi onse awiri akatupa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Chiponde chomwe akapatsidwe ndi mankhwala a mwanayo, si chogawana ndi abale ake.

Pasukulu yathu pakugona mabanja ambiri othawa madzi. Mjigo unamira kwa masiku, zimbudzi zilipo zochepa, ndipo ana ayamba kutsegula m'mimba. Tiyambire pati?
*Wapampando wa komiti ya msasa, kufupi ndi nyanja ya Malombe*

Yambirani pa madzi akumwa, lero. Mangochi inali pakati pa maboma omwe anavutika kwambiri ndi kolera ya 2022 mpaka 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madzi osefukira amakokolola za m'zimbudzi n'kuzilowetsa m'zitsime ndi m'mijigo, ndiye mjigo womwe unamira musaukhulupirire, ngakhale madzi ake akuoneka oyera, mpaka a zamadzi kapena a zaumoyo atauthira mankhwala ndi kuupopa.

Pakadali pano madzi onse akumwa athiridwe mankhwala. WaterGuard ndi kachitsekero kamodzi m'malita 20. Madzi akakhala a matope, ayambe adikha, muwasefe pansalu yoyera, muthire tizitsekero tiwiri. Dikirani mphindi 30 musanamwe. Klorini wosungunula amene alangizi a zaumoyo amagawa ali ndi muyezo wake. Funsani ndipo muutsate, chifukwa ukachuluka anthu amadana ndi fungo n'kubwerera kunyanja, ukachepa sapha tizilombo. Musamusunge padzuwa, amatha mphamvu. Popanda mankhwala, wiritsani madzi mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu. Sungani m'zigubu zotseka pakamwa; mundowa yotsegula, kapu yomwe aliyense akuviika imabwezeretsa matenda.

Miyezo yomwe mabungwe amatsata pamisasa ndi iyi, ndipo muli ndi ufulu woifunsa: malita osachepera 15 pa munthu patsiku, chimbudzi chimodzi pa anthu 20, za amayi pazokha, ndipo dzenje litalikire mamita 30 kuchokera pa mjigo kapena chitsime. Kwanuko mchenga ndi wambiri ndipo madzi ali pafupi, ndiye dzenje lakuya limagumuka. Kumbani losaya pamalo okwera, mulitchinge m'mbali ndi migolo yoboola kapena matumba a mchenga, mukweze pamwamba pake. Pakhomo pa chimbudzi chilichonse pakhale mpondagiya ndi sopo, kapena phulusa. Njira ya kuchimbudzi ikhale ndi kuwala usiku, apo ayi amayi ndi atsikana sadzapitako.

Mwana wotsegula m'mimba ayambe Thanzi ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, kumwa pang'onopang'ono, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Thanzi akasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Kuchipatala amaperekanso zinki wa masiku 10 mpaka 14. Chimbudzi chikakhala chamadzi ngati otsukira mpunga, munthu akusanza, maso alowa, musadikire kuti kuche: kolera imapha pa maola ochepa. Nyamukani naye akumwa Thanzi m'njira.

Masikito agwiritsidwe ntchito yake, osati kuphera usipa, chifukwa malungo amachuluka patatha masabata angapo madzi ataima. Ana aletseni kusewera m'zithaphwi. Kuli likodzo, ndipo madzi akakwera ng'ona za mu Shire ndi Malombe zimafika pomwe sizifika nthawi zonse.

Matumba anga atatu a chimanga ananyowa. Ndikachiyanika chidyeka?
*Mayi wa ku Malindi*

Zitengera madzi ake, mayi. Ngati ndi mvula yodontha padenga, khuthulani matumbawo tsiku lomwelo, yanikani mopyapyala palona kapena pamphasa, osati padothi, muzitembenuza pafupipafupi. Sankhani n'kutaya njere zonse zakuda, zobiriwira kapena zonunkha chuku. Kuti mudziwe ngati chauma, ikani njere m'botolo louma pamodzi ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume. Musachiike m'matumba osalowa mpweya a PICS chisanaumitsitse, chidzawolera momwemo.

Ngati chinamira m'madzi osefukira odutsa m'zimbudzi ndi m'makola, kapena chuku chagwira thumba lonse, chimenecho chatha. Poizoni wa chuku satha ndi kuphika, kugayitsa kapena kufulula mowa. Amaononga chiwindi ndipo amapinimbiritsa ana. Nkhuku ndi mbuzi nazonso musazipatse. Chikwirireni, ndipo mukalembetse kukomiti kuti chakudya chanu chinaonongeka.

Munda wanga wa chimanga unamira m'mwezi wa Febuluwale, mbali ina mwadzaza mchenga. Ndibzalenso chimanga?
*Mlimi wa kwa Chimwala*

Musathamangire kuzula, achimwene. Madzi akaphwa dikirani masiku atatu kapena asanu, kenaka ng'ambani mapesi angapo m'litali muone mtima wake. Ukakhala woyera ndi wolimba, ndipo tsamba latsopano likutuluka, chimangacho chili moyo. Ukakhala wofewa, wabulauni ndi wonunkha, chafa. Chimanga chaching'ono chomwe chamira chonse kwa masiku oposa atatu kapena anayi sichipulumuka kawirikawiri. Chopulumuka chimachita chikasu chifukwa feteleza wakokoloka. Nthaka ikatsika madzi, bandirani ndi kuthirako Urea pang'ono ngati chisanamasule.

Kubzalanso chimanga kumunda wa kumtunda kumapeto kwa Febuluwale ndi kutaya mbewu. Ngakhale chocha msanga ngati Kanyani chimafuna miyezi itatu kapena kuposerapo, pamene mvula ya ku Mangochi imayamba kutsanzika kumapeto kwa Malichi. Bzalani mbatata, khobwe ndi chinangwa. Mbatata zofiira mkati ngati Kaphulira, Kadyaubwerere ndi Chipika zimacha pa miyezi itatu ndi theka mpaka isanu, ndipo kholowa mumayamba kuthyola kale zisanakhwime. Dulani mbewu yotalika masentimita 30, mfundo zitatu zilowe m'dothi, mutalikitse masentimita 30 pamzere. Mbewu ya mbatata yogawidwa ndi mabungwe imafika itafota ndi ulendo. Iikeni pamthunzi, muiwaze madzi, mubzale pasanathe masiku awiri kapena atatu. Yambiri imafera pakhonde eni ake akudikira kuunga mizere, choncho ungani mizere mukangomva kuti mbewu ikubwera.

Mchenga ukakhala wosapitirira chikhatho, ulimireni pamodzi ndi dothi la pansi ndi manyowa. Ukakhala wakuya, kumbani mayenje mpaka mupeze dothi lakale, muthiremo manyowa, mubzale m'menemo.

Chimanga chisungireni kudimba, kuyambira Epulo madzi akamabwerera n'kusiya chinyontho. Mizere italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, njere imodzi paphando. Chimanga cha kudimba chimakondedwa ndi mbozi, ndiye muziyendera kawiri pasabata, kusuzumira m'kati mwa nsonga, ndipo muthane nazo zikadali zazing'ono. Musalime mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje; gombe lopanda bango ndi mitengo ndi lomwe limagumuka n'kukutumizirani mchenga womwewo. Mbewu yogawidwa yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira ili ndi mankhwala, njala ivute bwanji musaitsuke kuti mudye.

Munda womwewo ukhoza kudzapsa ndi ng'amba chaka chamawa, choncho ntchito ya chilimwe ndi yosunga madzi m'nthaka: akalozera odzalidwa vetiva pamalo otsetsereka, ngonyeka m'mizere, kuphimbira ndi mapesi m'malo mowatentha, ndi manyowa. Gawani munda, mbali ina mapira, nandolo ndi chinangwa. Kudimba siyaniko kabedi ka mbatata kuti mbewu ikhale yanu mvula ikadzagwa. Ndipo mverani ulosi wa nthambi ya zanyengo, womwe umatuluka dzinja lisanayambe, musanagule mbewu.

Ndine msodzi. Nyanja inalowa m'nyumba mwanga mu 2024 ngakhale mvula kuno inali yochepa. Ena akuti ndi chifukwa cha zitseko za ku Liwonde. Akutiuza tisamukire kumtunda, koma bwato ndi makoka zili kugombe. Ndimangenso pomwepa?
*Bambo wa ku Monkey Bay*

Funso lanu ndi lolemera, bambo, ndipo sitikuyankhani ngati kuti kusamuka n'kophweka. Nyanja ya Malawi imadzazidwa kwambiri ndi mitsinje ya kumpoto ndi ya ku Tanzania, koma potulukira pake ndi pamodzi pokha, mtsinje wa Shire. N'chifukwa chake ikhoza kukwera chaka chomwe chimanga cha kwanu chikupserera. Mu 2024 inapitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zimawongoladi madzi otuluka, koma kuzitsegula kwambiri kumamiza anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje ndi kuika pachiswe malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndiponso nyanja ndi yaikulu kwambiri moti siitsika pa sabata. Imafika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa chaka. Cha m'ma 1980 inakweranso chotere, ndipo malo ambiri omwe amira tsopano anamangidwa pamene inabwerera. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pomwe nyanja yafika kawiri, idzafikanso.

Malangizo athu ndi oti musiyanitse pogwirira ntchito ndi pogona. Kugombe kukhale chisakasa cha makoka, injini ndi matandala oyanikira usipa, zomwe mungasunthe pa tsiku limodzi. Nyumba ya banja, chakudya ndi mapepala zikhale kumtunda. Ngati mukupatsidwa malo, kawaoneni musanavomere: mjigo ulipo, sukulu ndi chipatala zili patali bwanji, ndipo mwini malo wakale wavomera? Pemphani chikalata chosainidwa ndi amfumu ndi akukhonsolo. Kusamuka kumalephereka anthu akapititsidwa kopanda madzi ndi kopanda pepala. Pakatha chaka amabwerera kugombe.

Pomanga, ndalama zochepa zomwe muli nazo zipite pansi, osati pa malata okongola. Nyumba zambiri zimagwa chifukwa njerwa zinamangidwa ndi matope kuyambira m'maziko. Madzi akaima masiku awiri matope amasungunuka, khoma n'kukhala pansi. Kumbani maziko mpaka dothi lolimba, masentimita osachepera 60, mumange ndi miyala kapena njerwa zootcha ndi simenti, ndowa imodzi ya simenti pa ndowa 6 za mchenga. Maziko akwere masentimita 30 kapena kuposa pamwamba pa pomwe madzi a mvula amafika pamalopo. Yalani pulasitiki wakuda wokhuthala pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Simenti ikachepa, imangireni mizere ya pansi mpaka pawindo, yotsalayo mumatire kunja. Pamwamba pa mawindo ndi zitseko pazungulire bimu yomanga makoma onse pamodzi, ndipo mitengo ya denga imangidwe ndi waya wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa, chifukwa mwera ndi mphepo ya mkuntho zimayamba ndi kusasula denga. Denga litulukire kunja masentimita 60, khonde lizungulire nyumba, ndipo mukumbe ngalande yopatutsa madzi kumbali ya kumtunda.

Malona ndi ndalama zomwe mabungwe amapereka anthu akamachoka pamsasa sizimanga nyumba yonse. Mangani chipinda chimodzi cholimba chaka chino, musiye mano a njerwa pakona kuti mudzalumikize china usodzi ukayenda bwino.